Dzina la Sara pamndandanda

Lolemba, 2 Juni 1986

Mwera kuyambira m'mawa. Chifuwa chayambiranso. Penshoni sinafike, ku positi akuti mawa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinaima kuseri kwa kauntala imeneyo, ndipo sindinauzepo munthu kuti mawa ndikudziwa kuti ndi mkuja.

Benedicta wabwera ndi pepala la kutchalitchi. Loweruka la pa 14 kuli ulendo wapansi, kuchokera pa tchalitchi kukafika pa mlatho ndi kubwerera. Mailosi asanu ndi imodzi. Woyenda aliyense apemphe anthu kuti amulonjeze kangachepe pa mailosi amene adzayende. Ndalamazo zipita kwa madokotala a ku Blantyre amene akufufuza za khansa, nthenda imene mankhwala ake enieni sanapezeke.

Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, wa Sitandade 2, pa zonsezi wamvapo mawu awiri: Blantyre ndi khansa. Anati, "Agogo, dzina lanu likhale loyamba. Ndalama zikakwana madokotala awachiza amayi, abwere."

Ndalemba. Cholembera changa, dzanja langa.

Ndiike pano zoona zake, popeza m'nyumba zathu ziwirizi, yanga ndi ya mlongo wanga, mulibe malo ena pamene zinganenedwe. Sara, mayi wa Benedicta, mwana wa mlongo wanga Julia, anamwalira ku chipatala chachikulu ku Blantyre pa 19 Febuluwale. Khansa ya m'chiberekero. Milatho inali itakokoloka ndi mvula, choncho anaikidwa komweko ndi anthu a mpingo amene sanamuonepo ali moyo. Mwana anamutumiza kwa abale ku Mwadzama kufikira olira atabalalika. Atabwerako, Julia anamuuza kuti amake akadali m'chipatala. Bambo wake anapita ku migodi ya ku Joni mwanayu ali kumsana, ndipo sanalembepo.

Lero ndi tsiku la 103 chimwalirireni Sara.

Lachitatu, 4 Juni

Ndinapita kwa Julia mwana ali kusukulu. Ndinamupeza akupeta mpunga. Duku savula pamaso pa mwana, chifukwa tsitsi limene anameta pa maliro silinamere bwino.

Ndinamuuza za pepala. Ndinati zafika poipa, mwana ayendayenda m'tauni kupemphera munthu wakufa. Yankho lake: "Mwana sauzidwa maliro. Mtima wake ndi wanthete. Adzazindikira yekha akakula."

Mawu omwewo, osasintha ndi limodzi lomwe. Ndinawamva koyamba mu 1931, akuwalankhula malume athu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndikugonera ku sukulu ya mishoni. Amayi anamwalira m'mwezi wa Epulo. Ine anandiuza kuti apita ku Kasungu kukathandiza abale kukolola. Miyezi isanu ndi iwiri ndinakhala ndi mayi amene anali kale m'manda. Kalata yoyamba imene ndinalemba m'moyo wanga ndinalembera iwo, pa pepala lothothola m'kope, ndipo ndinapatsa Julia kuti apereke kwa anthu opita kumeneko. Iye anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali atawaona akuikidwa. Analandira kalatayo ndi manja awiri. Mu Novembala, pofolera nyumba, inagwa kuchokera m'udzu wa denga, chiswe chitadya theka. Ndi mmene ndinadziwira. Manda awo sindinawaone mpaka lero. Pamene ndinakula mokwana kufunsa, odziwa anali atasokoneza mitumbira.

Zaka makumi asanu ndi zisanu. Liwu loti pepa silinatulukepo m'kamwa mwake.

Ndinamukumbutsa zonsezi mwa dongosolo lake, ndi masiku ake. Sanasiye kupeta. Anati, "Iwe Hubert, unafa nazo? Suja unakula, n'kulembedwa ntchito ya boma?" Kenaka anati, "Mwini mbumba ndiwe tsopano. Pakamwa uli napo, kamuuze. Koma akaleka kudya udzamudyetse wekha."

Mwini mbumba. Mpando wa malume uja ndi wanga. Sindinauganizirepo motero.

Lachisanu, 6 Juni

Penshoni yafika, yoperewera monga mwa masiku onse. Ndalembanso kalata yodandaula, yachisanu ndi chinayi.

Masana ndinaperekeza Benedicta kumsika ndi pepala lake, popeza Julia miyendo ikumuvuta. Pachipata mnyamata wa chipani anafunsa khadi. Ndinaonetsa. Ataona mwanayo anatsitsa maso, n'kupisa m'thumba mwake.

Ponseponse zinali chimodzimodzi. Iye amaima mowongoka, manja kumbuyo, n'kunena zimene waloweza: "Ndikupempha thandizo la ulendo wapansi, kuti amayi anga achire." Ndipo palibe amene anakana. Amayi ogulitsa usipa, amene amakangana ndi munthu pa tambala imodzi, amamasula mfundo za zitenje osafunsa kanthu. Wosoka zovala anasiya makina ali pakati pa msoko. A Hassani a sitolo analemba dzina lawo mosamala, ndipo ndinawamva akunong'ona mawu aja Asilamu amanena akamva za imfa. Akazi awo, a Mariamu, amene anaphunzira kalasi imodzi ndi Sara, analowa kuseri kwa matumba a mchere ndipo sanatulukenso mpaka tinachoka.

Tauni yonse ikudziwa. Asilamu ndi Akhristu, amene sagwirizana ngakhale pa za wozinga mbuzi, pa ichi agwirizana popanda kukumana. Aliyense amapereka, n'kundiyang'ana ine.

Pepala linadzaza kutsogolo ndi kuseri. Pobwerera anati, "Agogo, mwaona? Anthu a kuno amawakonda amayi." Akufuna pepala lachiwiri.

Lamulungu, 8 Juni

Zolengeza za m'tchalitchi, ana atatuluka kupita ku Sande sukulu. Chilolezo cha ulendo chaperekedwa, ku boma ndi ku chipani komwe, malinga poyambira payimbidwe nyimbo zoyenera. Kenaka a Paulo, mlembi wa mpingo, analengeza kuti oyenda akadzabwerako, onse adzasonkhana pabwalo, ndipo padzawerengedwa maina a anthu a kuno amene nthendayi inatenga. Dzina la Sara analipereka amayi a kwaya.

Ndinayang'ana kumbali ya amayi. Julia anali atagwira buku la nyimbo chozondoka.

Choncho nkhani yadziikira tsiku yokha. Ngati mwana sauzidwa m'nyumba, adzamva Loweruka pabwalo, ndi mapazi otupa, pakati pa anthu mazana atatu. Atsala masiku asanu ndi limodzi.

Sindikubisa kuti mtima wanga unachita ngati ukukondwa. Ndinati tsopano mlongo wanga aona mapeto a mwambo wake.

Mwanayo ndimuuza Lachiwiri. Ntchito imeneyi si yachilendo kwa ine. Matelegalamu a maliro amene ndinawerengera anthu osadziwa kuwerenga ndi osachepera mazana anayi, ndipo lamulo langa linali limodzi: mkhazike pansi munthu, tchula dzina, tchula tsiku, usawonjezere. Ndalemba mawu ake pa kapepala. Ndalemba katatu. Koyamba anali ambiri. Kachiwiri anali ouma ngati chidziwitso cha ku khoti. Kachitatu: Benedicta, amako sadzabweranso. Anamwalira. Tinakubisira, ndipo tinalakwa.

Mawu asanu ndi awiri. Ndawaloweza.

Lachiwiri, 10 Juni

Benedicta anabwera ataweruka kusukulu. Ndinamukhazika pa mpando wanga pakhonde, ine n'kukhala pa benchi. Ndinamupatsa nthochi. Ndinayamba ndi dzina lake, monga mwa kapepala.

Anandidula. Anatulutsa bokosi la machesi m'thumba la yunifolomu, n'kulitsegula pang'ono. M'katimo dzino, lam'mwamba, limene linaguluka Lamulungu. Anzake anamuuza kuti aliponye padenga, apo ayi lina silimera. Wakana. Akuti amayi ake ayambe aliona, chifukwa pochoka anali atalimva ndi chala kuti layamba kugwedera, ndipo anamuuza kuti adzawasungire.

Anatseka bokosi, n'kundiyang'ana ndi mpata uja m'kamwa. "Mumati chiyani, agogo?"

Ndinati, "Amako..." ndipo pakamwa panga panamaliza pokha: "...adzakondwa."

Anthu mazana anayi aja sanali anga. Ndazindikira lero, ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, kuti chimene ndinkachitcha kulimba mtima inali kauntala chabe, thabwa la pakati pa ine ndi iwo.

Ndinayesanso pomuperekeza. Pofika pa mjigo anayamba kundionetsa mmene adzayendere Loweruka, mikono ikugwedezeka ngati msilikali. Ndinabwerera.

Lachinayi, 12 Juni

Dzulo sindinatuluke. Palibe cholemba.

Lero m'mawa ndinapita ku ofesi ya mpingo. A Paulo anali ndi mndandanda patebulo, wotayipidwa kale. Maina khumi ndi anayi. Sara wachisanu ndi chinayi, pakati pa mphunzitsi wa ku Nkhunga ndi kamwana kena ka zaka zinayi kamene kanatupa nsagwada.

Ndinapempha kuti dzinalo lichotsedwe.

Anati, "Bambo, ulendo wonsewu anauyambitsa ndi amayi a kwaya chifukwa cha mayi ameneyu. Anayimba nawo zaka khumi ndi ziwiri. Sanamuike m'manda, sanamuponyere dothi. Chatsala n'chokhachi, kumva dzina lake likutchulidwa kwawo."

Ndinati ndikudziwa. Ndinati ndabwera monga mwini mbumba, ndipo mawu a mbumba ndi amenewo. Ndinamva mawu anga akutuluka mofatsa, mwaulemu, motsimikiza, ndipo ndinawazindikira eni ake: malume.

A Paulo anatembenuza pepala kuti liyang'ane kwa ine. "Ine dzanja langa ayi. Fufutani nokha."

Ndinapempha rula. Mzere umodzi, wowongoka, kuyambira pa chilembo choyamba kufikira chomaliza. Ndinasaina m'mphepete ndi kulemba tsiku, monga tinkachitira pokonza cholakwika m'kaundula.

Ndinadziuza kuti ndagula nthawi, kuti ndidzamuuze bwino sabata yamawa, popanda khamu. Ndikulemba chifukwa chimenechi pano kuti ndidzachione ndi maso, popeza ndikukayika ngati malume analibe china chonga ichi.

Loweruka, 14 Juni

Benedicta anayenda mailosi onse. Ansembe anati ana aang'ono akhoza kubwerera pa theka, koma iye anakana kukwera ngakhale njinga ya a Hassani, amene ankatsatira ndi ndowa ya madzi. Anati ukakwera ndalama sizikwana. Thuza ku chidendene chamanzere linaphulika pobwerera. Sanalire. Ine ndinayenda mailosi awiri, chifuwa n'kundikhazika pansi pa mtengo.

Pabwalo, dzuwa lili pamutu. Ansembe anayamika, natchula Benedicta kuti ndiye wasonkhanitsa zambiri kuposa ana onse. Anthu sanawombe m'manja monga amachitira. Anangoti guu, chapansipansi.

Kenaka a Paulo anaimirira ndi pepala, nanena kuti awa ndi abale athu amene nthendayi inatenga.

Pamenepo mwana anagwira dzanja langa. Sanagwirepo chotero. Zikhadabo zake zasiya zizindikiro zimene ndikuziona pamene ndikulemba. Dzina lililonse akamatchula, amafinya. Atatha lachisanu ndi chitatu a Paulo anaima pang'ono, napitirira. Amayi a kwaya onse anawerama. Mmodzi anatuluka pamzere atatseka pakamwa ndi chitenje.

Maina khumi ndi atatu. Amen.

Anandisiya dzanja, n'kupuma ngati munthu wotula mtolo. Anati, "Agogo, ndamvetsera bwinobwino. Amayi sanawatchule." Kenaka, motsitsa mawu, "Laila wa m'kalasi mwathu anandiuza kuti anamwalira. Ndimuuza Lolemba kuti ndi wabodza."

Choncho ankakayika. Masiku onsewa anasenza funsolo yekha, osatifunsa, kudikira pepala la kutchalitchi limene silinganame. Anafika pakhomo pa choonadi ndi miyendo yake, ndipo amene anatseka chitseko ndine, ndi rula.

Panjira anandifunsa kuti ndalama zimatenga masiku angati kufika ku Blantyre, popeza ine ndine wa positi. Funso la ntchito yanga. Ndinayankha ndisanaganize: anayi.

Julia anabwera madzulo ndi mbale ya mpunga ndi chambo. Sanabweretsepo chakudya kwanga chichokereni mkazi wanga. Anaika patebulo, nati, "Wachita bwino, achimwene." Sindinadye.

Lachitatu, 18 Juni

Tsiku lachinayi. Benedicta sanapite kusukulu.

Julia akuti mwanayo anadzuka yekha, n'kusesa chipinda cha Sara, kuyanika mphasa, kutunga madzi osamba ndowa ziwiri. Wabwereka mpando wanga wa pakhonde, kuti amake akafika asakhale pansi popeza adwala nthawi yaitali. Ndinamuthandiza kuunyamula.

Basi yochokera ku Salima imafika hafu pasiti wani. Tsopano ili wani koloko. Ali pakhomo, wavala diresi la Lamulungu, chidendene chomanga ndi kansalu. Waitana kawiri. Akuti tifulumire, amayi angatsike n'kupeza palibe wowalandira katundu.

Ndamuuza kuti ndikufunafuna chipewa. Chili patebulo, pamaso panga.