Kwathu Sititaya Makolo

Lachinayi, Novembala 1995, Walsall, kutsidya kwa nyanja. Lero landiwawa, koma ndaziputa ndekha.

Pa buleki ku care home, nyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito, timaonera sewero la pa TV ndi Pauline, mnzanga wa kuntchito. Mayi wa m'seweromo akugwira ntchito ziwiri chitsekereni fakitale ya amuna ake, kuopa kulandidwa nyumba. Lero wakasiya amayi ake kunyumba ya okalamba. Ine pakamwa pangapa: "Nkhanza zimenezo! Kwathu sititaya makolo."

Pauline anaika kapu pansi. "Inenso anga ndinakawasiya," anatero m'Chingerezi. "Nanga ako, Grace, akuwasambitsa ndani?"

Chiyambire kudwala amayi ku Kasungu sindinapondeko, ndili kuno kusambitsa amayi a eni. Anga akuwasambitsa ndi mlamu wanga, yemwe uja ndinkamunena kuti ndi waulesi.