Khoma la Pamakwerero

Amayi, kodi uko muliko mukupeza bwanji?

Ndine Rosalina wanu. Ife kuno ku Cuamba tilipo, ngakhale sindinganene kuti tili bwino. Yakwana miyezi isanu ndi itatu chikuikireni m'manda, ndipo m'nyumba mwanu muno mwachitika zinthu zoti inu mukanazithetsa ndi mawu awiri okha.

Ndiyambe ndi zabwino. Azakhali a ku Ngauma akolola chimanga chambiri chaka chino, atitumizira matumba atatu pa shapa, minibasi zathu zija. Fodya yekha ndiye wawavuta, mvula inalowa m'chigafa, masamba ambiri anachita chuku. Abambo akudya bwino, koma maso akunka nafooka. Amakhala pasala, pabalaza pathu paja, tsiku lonse pampando wawo uja, ndipo sitima ikalira kusiteshoni amati, iyi yachedwa, ngati akadali pantchito.

Munatisiya tonse awiri tili oyembekezera, ine ndi alamu a Joana, akazi a achimwene Armindo. Ine ndinachira mvula ikutha. Ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu, Filomena, ndipo mphumi yake ndi yanu yeniyeni. Patangopita masabata awiri alamu nawo anapita kuchipatala. Mwana wawo anabadwa osalira. Analinso wamkazi. Anakamuika azimayi a kumpingo mwakachetechete, ine sanandilole kupita chifukwa cha khanda.

Nyumba mukuidziwa. Achimwene ndi alamu amagona m'mwamba, ine, amuna anga a Mateus ndi abambo pansi, ndipo makwerero ankatsikira pasala penipeni, opanda chotchinga. Ndiye taganizani, amayi. Alamu akamatsika kukatunga madzi ankandipeza pamphasa ndikuyamwitsa, alendo atandizungulira, akulandizana Filomena ndi kumuimbira. Alamuwo ankapereka moni maso ali pansi, bulauzi itanyowa mkaka wopanda woyamwa. Ine ndinkaona, koma chimwemwe chinali chitanditseka mutu. Kenako anasiya kutsika pakakhala anthu.

Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, achimwene anatikhazika pansi. Anati akufuna kumanga khoma kuchokera pakhomo lakunja mpaka pamakwerero, pakhale kanjira kawokawo, koredo, kuti wotsika azituluka osadzera pasala. Chifukwa chake sananene. Mukuwadziwa, mawu awo ndi owerengeka. Koma ine ndinali nditamva kale kumsika kuti ena akunong'ona zoti mwana wanga anakhala moyo chifukwa ndinapita kwa asing'anga ku Mandimba. Ndinaganiza kuti nawonso akhulupirira. Mtima unandiwira, ndinaimirira n'kunena mokweza kuti, "Mangani, achimwene. Koma muwauze akazi anu kuti si ine ndinawalanda mwana."

Nditakweza maso ndinaona mapazi a alamu pamwamba pa makwerero. Ankatsika ndi mbale. Mapaziwo anaima, kenako anabwerera.

Munkandiuza kawirikawiri kuti, "Rosalina, mawu ali ngati sitima, ikanyamuka suiitana." Ndinakumbukira, koma itanyamuka kale.

Achimwene sanandikalipire. Bola akanatero. Anandipeza kuseri ndikuchapa matewera, anati, "Mlongo wanga, za asing'angazo ine sindinazimve n'komwe. Alamu ako amati akaona mwana wako mikono imawawawa. Amafuna kumunyamula, koma amaopa kuti akamunyamula alephera kumubweza. Nkhani ndi yomweyo." Anangonena zimenezo n'kupita. Ine ndinakhala pamenepo manja ali m'madzi mpaka madziwo anazizira.

Mmisiri anabwera ndi mabuloko ndi simenti, ndipo m'masiku anayi khoma linafika kudenga. Sala yachepa, amayi, ndiponso mwada, pakuti zenera lalitali lija latsalira mbali ya koredo. Kabati yanu ya mbale inasowa malo, ili kuchipinda kwanga. Khomalo sitinalipake penti, likununkhabe simenti.

Amene lawapweteka kwambiri ndi abambo. Kale ankati akamva mapazi pamatabwa, ankadziwa wotsikayo n'kumutchula dzina asanafike pansi, ndipo munthu sakanatuluka osawagwira dzanja. Tsiku lachiwiri la ntchito anafunsa kuti khomalo lathera pati. Atauzidwa anamenyetsa ndodo pansi, anati iwo akadali moyo nyumba ino sikhala nyumba ziwiri, mmisiri asiye khomo pakhomapo. Linasiyidwa. Chitseko sitinaike, ndinangopachikapo kapulana, chitenje chanu chobiriwira chija. M'mawa uliwonse achimwene amaikankhira pambali n'kupereka moni kwa abambo. Inenso amandipatsa moni, koma waufupi.

Ine ndi alamu papita miyezi itatu tisanalankhulane. Amaphika pambaula yawo pakhonde lam'mwamba. Awonda, ndimawaona kumsana akamapita kumsika. Kangapo ndafika pa kapulanayo, n'kubwerera. Inu munkati mphika ukapsereza umatsukidwa tsiku lomwelo. Wanga wagonera mpaka waumirira.

Dzana masana Filomena analira kwambiri, m'mimba munkamupota. Ndinamugoneka pamphasa pafupi ndi khomalo, n'kuthamangira kukhitchini kukafunditsa madzi. Ndili komweko ndinamva munthu akuimba chapansipansi. Anali alamu, kuseri kwa khoma, akuimba kanyimbo ka Chimakhuwa ka kwawo ku Lúrio. Sanalowe. Anaimba mpaka mwana anatonthola, kenako ndinamva akukwera pang'onopang'ono. Ine ndinali chiimire pakhomo la khitchini, ketulo m'manja. Abambo anatembenuzira nkhope kumene ndinali, anati, "Wamva?"

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. A Mateus andiuza kuti achimwene apempha kuntchito kuti awasamutsire ku Entre Lagos, kumalire uko, ndipo yankho likhoza kubwera mwezi uno. Abambo sakudziwa. Akachoka, khoma lija lidzakhala litamangidwa pachabe, ndipo abambo adzatha masiku awo akutchera khutu pamakwerero opanda wotsika. Aliyense adzati ndi nkhani ya ntchito. Ine ndekha ndidzadziwa amene anawathamangitsa.

Ndikuopa, amayi. Sindikudziwa ngati mawu otere munthu amakhululukira. Ndikanakhala ine, mwina sindikanakhululuka.

Komabe ndikukulonjezani. Mawa achimwene akapita kuntchito, mwana ndimusiya ndi a Mateus, ndikwera ndekha. Ndikagwada pakhomo pawo ndi kunena kuti ndinalakwa, osawonjezapo za kumsika kapena za mtima wowira. Akandibweza, nditsika, mkuja ndikweranso.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koposa tsiku la maliro lija.

Ndine mwana wanu,
Rosalina