Ndinatcha Apongozi Mkazi Wanga

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndalakwa, kulakwa kwenikweni. Pamsika wa Chezi, ndaona mayi wovala bulauzi yobiriwira yomwe ndinasoka ndekha. Ine ndati ndi Rakele, msuweni wanga. Ndafika, ndatola nthochi m'dengu mwake: "Mkazi wanga, wanenepatu! Akukudyetsa ndani?" Kenako mawu: "Kodi ndi a Felton?" Mayi ake a Lusiya. Apongozi anga a mawa, amene ndimayenera kuwapatukira njira. Mabulauzi a nsalu imeneyo ndinasoka awiri, ndinaiwala. Nthochi ndinali nditasenda kale.

Chinkhoswe ndi mwezi wamawa. Ngati chilipo.

Lachinayi, 7 Ogasiti

A Gabriel, malume a Lusiya, atumiza mawu: chinkhoswe chiyambe chaima. Akuti kaya ndimasuta chamba, kaya ndi mwano chabe, mwana wawo sangalowe m'zimenezo. Akuti iwonso ndinawadutsa kutchalitchi osawapatsa moni. N'zoona.

Lero ndamuuza Lusiya zonse. Chigwereni pa njinga yamoto chaka chatha pamtsetse wa ku Ntchisi, nkhope za anthu sizindikhala m'mutu. Maso, mphuno, pakamwa ndimaziona bwinobwino, koma kuti uyu ndi ndani, ayi. Ndakhala ndikudalira mawu ndi zovala. Mwayi wake ndine telala, anthu ambiri pa Madisi pano amavala zosoka ine. Ndimayesa Lusiya andithawa. Waseka mpaka kukhala pansi, kenako walira. Akuti kuchipatala kumabwera dokotala woyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito. Andiperekeza.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Pamzere ana okhaokha ndi amayi awo, ambiri odwalapo malungo aakulu aja okomola. Ine pakati pawo ndi ndevu zanga.

Dokotala wake ndi a Tahira, mwana wa a Sidik a golosale! Ine ndimayesa anakwatiwa kunja. Kani anali kusukulu zaka zonsezi: za maganizo a munthu, kenako za ubongo, kenako zaka zina akuyeza ana ndi akulu, aphunzitsi awo ali pambali. Jakisoni alibe. Timatabwa, zithunzi, wotchi, basi.

Mmawa wonse. Kuloweza mawu, kutchula manambala chobwerera m'mbuyo, kujambula, kusanja timatabwa. Zonse ndakhoza, mpaka ndinayamba kudzimva. Ndiye zithunzi za m'foni ya Lusiya, ataphimba tsitsi ndi zovala. Ndaphonya mchemwali wanga. Ndaphonya Lusiya. Wina wa makutu otambalala ndati sindinamuonepo chibadwire. Ndinali ine.

"Nzeru zanu zili bwino, maso ali bwino, khalidwe lili bwino. Panavulala ndi pomwe pamazindikira nkhope." Sizichira, anena mosabisa. Koma siziwonjezekera, ndipo si misala.

Si misala! Chaka chonse ndakhala ndikudikira tsiku loti andimange zingwe. Ndatuluka ndikuimba. Lusiya amvekere anthu akutiyang'ana. Ayang'ane, ndikuwadziwa ngati?

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndagona ngati mwana. Makina lero akungoyenda okha. Makasitomala ndikuwauza poyera: mukalowa yambani mwatchula dzina. Ena akuseka, ena akumva chisoni, onse akutchula. Rakele wabwera kudzandinyogodola: "Amuna anga, ndamva mwandipezera mkazi mnzanga pa Chezi." Ndamuthamangitsa ndi tepi yoyezera.

A Gabriel okha sakutheka. Akuti matenda osankha nkhope zokha sanawamvepo, ndipo dokotala wa timatabwa sangawauze kanthu.

Lachitatu, 27 Ogasiti

A Gabriel abwera kuchipatala! Lusiya wachita kuwakoka, iwo ndi amayi ake omwe. A Tahira anayamba andifunsa ngati ndikulola kuti za ine zikambidwe pamaso pawo. Ndalola, nanga ndibisenso chiyani? Sanakangane ndi munthu. Anatenga foni ya Lusiya, n'kuwaonetsa a Gabriel chithunzi chozondotsa: mukumudziwa uyu? Anapendeketsa mutu uku ndi uku. Ayi. Atachitembenuza, mkazi wawo yemwe!

"Mmene munavutikira apomo, ndi mmene amavutikira a Felton ndi nkhope iliyonse."

A Gabriel anavula chipewa n'kuchivalanso. Anafunsa ngati ana angadzabadwe nazo. Ayi, n'zochita kuvulala. Anafunsa ngati ndingasamale banja. A Tahira anati pa zonse anandiyeza palibe choletsa, zotsalazo afunse Lusiya.

Amayi sanandiyang'ane, mwa mwambo wake. Koma panja ndinamva akuuza Lusiya: "Uwauze abweze nthochi yanga." Mapewa akugwedera ndi phwete.

Chinkhoswe chilipo. Ndalemba kawiri kuti ndione bwino: chilipo.

Lamulungu, 7 Seputembala

Chinkhoswe chinali dzulo. Makutu adakalira mpaka pano.

Za mwambo uja ndinaiwaliratu mpaka atawatulutsa: atsikana atatu, zitenje zofanana, ofunditsidwa kuyambira kumutu, ati ndiloze wanga. A Gabriel anayamba kudzuka kuti aletse. Ine kuseka mumtima. Anthu opanda nkhope ndiye ndakhala nawo chaka chonse, angandivute lero? Wapakati anaima akukanda mwendo ndi chala cha phazi linalo, mmene amachitira akamadikira minibasi. Ndinapita molunjika. Nthungululu mpaka kumsewu. A Gabriel kuvina ndi chipewa m'manja!

Kenako anamuvundukula. Nkhope yokongola kwabasi, maso onyowa, ikuyang'ana ine. Sindinaidziwe. Ndiye zizikhala chonchi mpaka ukalamba, ndi ana athu omwe. Ndinachita mantha pakati pa chisangalalo chonsecho.

Lusiya anaona. Anandigwira mkono pamaso pa malume ake onse, n'kunena chapansipansi: "Usaope. Ine ndiye ndikukudziwa."