Kabowo Koyezera Mpweya wa Amayi

Achimwene a Sidik,

Salamu zochokera kuno ku Balaka. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kwathu kwa Kawinga mvula yagwa bwino, chimanga chayamba kumasula, ndipo alamu anu a Fauziya akupereka moni.

Ine ndikadali pa ntchito ija yoyendera zipatala kuyeza makina a okosijeni. Ndimayenda ndi kachitsulo kokhala ndi kabowo kochepa ngati ka singano. Mpweya ukadzaza kumbuyo kwake, kabowoko kamatulutsa muyezo umodzimodzi, ngakhale ukoke bwanji kutsogoloko. Ndikafananiza ndi makina, ndimadziwa ngati akunama.

Lachiwiri ntchitoyi inandifikitsa m'chipinda chomwe agonekedwa amayi. Paja pafoni ndinakuuzani kuti ndi chifuwa chabe. Amayi ankadandaula kuti mpweya sukufika, ndipo namwino akatuluka azakhali amene akuwadwazika ankapotokola kampopi ka makinawo mwakabisira, ati awawonjezereko. Ndinakalipa, achimwene, mpaka azakhali analira. Kenaka ndinatulutsa kachitsulo kanga n'kuyeza, uku ndikupempha Mulungu mumtima kuti makinawo ndiwapeze olakwika, chifukwa makina ndiye ndimatha kukonza.

Makinawo alibe vuto lililonse. Akupereka ndendende zomwe adokotala analamula.

Amayi anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Wapeza chiyani, Shafiq?" Ndinawayankha kuti ndibweranso ndi zida zina.

Dzulo anafunsa za bulangete munawalonjeza lija. Nditawauza kuti mubwera nalo nyengo yozizira, anangomwetulira. Ngati abwana anu angakuloleni, chonde musadikire Juni.

Ndine mng'ono wanu,
Shafiq