Sopo Wanga ndi Diso la Alongo Anu

Alamu anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi abambo akunyumbako. Kodi bondo lija linasiya kuvuta, kapena mukuyendabe modumphira? Nanga adzukulu akukula bwanji?

Kuno tikudzuka. Wailesi wanu tsopano ali m'kalasi yachiwiri, ndipo pakamwa pake mpaka lero sitinapeze pozimitsira. Mano awiri akutsogolo anaguluka koma nkhani sizinachepe.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe foni ilipo. Foni ya m'nyumba muno ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba mwa alongo anu. Komanso zimene ndikufuna kunena, nditati ndizinene ndi pakamwa, ndingathere panjira ndi kulira. Khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundikwiyira.

Mukudziwa kuchapa kwa m'nyumba muno. Chiyambire kuyendetsa basi ya sukulu ija, alongo anu amafuna shati yoyera tsiku lililonse, kolala ili mbee. Wailesi naye amabwera madzulo ngati amakaphunzirira m'dothi. Sopo waufa wa m'sitolo anakwera mtengo mpaka ndinkachita kumuyeza ndi kasupuni ka tiyi.

Ndiye pamsika pali mayi wina amene amagulitsa mankhwala opangira sopo wamadzi. Anandiphunzitsa bwinobwino, sindingamunamizire. Pa mankhwala onsewo anandichenjeza za amodzi, soda woyera ngati mchere wamiyala, amene amati kositiki. Anati soda ameneyu amadya mnofu. Anati ndizisungunulira mu ndowa ya pulasitiki, osati m'poto. Madzi akhale ozizira. Ndipo soda ndiye azipita m'madzi pang'onopang'ono, ndikutakasa ndi mtengo, osayerekeza kuthira madzi pa soda. Anabwereza katatu, ine n'kumagwedeza mutu ngati mwana wabwino.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri zinayenda. Ndinadzaza zigubu zitatu, thovu lake losasimbika. Alongo anu ankandiseka kuti iwo sanakwatire mkazi koma fakitale. Ine ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba, n'kumadziona katswiri.

Ulendo wachitatu unali Loweruka m'mawa, masabata asanu ndi limodzi apitawo. Mu ndowa ya pulasitiki ndinali nditanyika mabulangete, ndipo ndinachita ulesi kuwakamula. Ndinatenga poto wamkulu wa aluminiyamu uja munatipatsa pa ukwati. Soda anali atagwirana n'kukhala mibulu chifukwa cha chinyontho, ndiye ndinaganiza kuti madzi otentha amusungunula msanga. Ndinamukhuthulira yense m'poto, n'kuthirapo madzi a m'ketulo. Malamulo onse atatu ndinawaphwanya nthawi imodzi, alamu, ndi manja angawa.

Potoyo anayamba kuwira yekha popanda moto, akufuka nthunzi yoyabwa kukhosi. Ine ndinabwerera m'mbuyo n'kukuwa. Alongo anu anali pakhonde akupukuta nsapato. Anathamanga, anandikankhira pambali, n'kuwerama kuti anyamule potoyo akamutaye panja. Pomwepo zinthu zija zinaphulika n'kuwathovokera kumaso.

Kulira kumene analira sindinakumvepo kwa munthu wamkulu. Ndinawakokera kumpopi, koma iwo anali atayamba kale kutikita ndi thaulo. Tinatsuka pang'ono chabe, iwo n'kunena kuti basi, zatha. Ndinawagwadira kuti tipite kuchipatala. Anakana. Anati adokotala akalemba kalata, kalatayo ikafika kusukulu, ndipo dalaivala wa diso lovulala palibe amamusunga. Mukuwadziwa alongo anu akati toto.

Ndi diso lakumanzere. Mbali imeneyo ndi kumene kuli chitseko cha basi, kumene ana amakwerera ndi kutsikira.

Anakhala pakhomo masiku atatu, atauza akusukulu kuti akudwala malungo. Tsiku lachinayi anagula magalasi akuda n'kubwerera kuntchito. Kumeneko anati maso akuwayabwa ndi fumbi. Ana anawapatsa dzina loti Abwana Magalasi, iwo n'kumaseka nawo. Kwa ine anati disolo likuona bwinobwino, langofiira, ndipo ndisamawayang'anitsitse ngati ndaona mzukwa.

Ndinafuna kuwakhulupirira, Mulungu akudziwa. Koma munthu ukagona naye nyumba imodzi sangakubisire zonse. Anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu. Phewa lawo linayamba kugunda felemu ya chitseko cha kuchipinda, chitseko chimene akhala akulowera zaka khumi. Tsiku lina ali patebulo, ndinaima kumanzere kwawo, pafupi ndithu, ndili ndi mbale ya madzi osamba m'manja. Ndinaima mpaka mikono inatopa. Iwo n'kukuwa molunjika kukhitchini, kufunsa ngati madzi osamba m'manja ndakatunga kumtsinje.

Kenako, popisa m'matumba a buluku lawo ndisanalichape, ndinapeza pepala lopindidwa kanayi. Anapita okha kuchipatala cha kutali, kumene sangakumane ndi wowadziwa. Chizungu cha adokotala sindichimva chonse, koma ndinapita nalo kwa mnyamata wogulitsa mankhwala kufamase, n'kunama kuti ndi la m'bale wanga wa kumudzi. Anandiuza kuti disolo linapsa, pali chipsera, ndipo likungoona kuwala basi. Anati mwini wake akufunika kukaonana ndi dokotala wa maso mwamsanga, mwina china n'kupulumuka. Anawerenganso mzere wa pansi, umene adokotala anaujambulira mizere iwiri kunsi kwake ndi cholembera, woti wodwalayu asayendetse galimoto.

Mnyamatayo anachita kundipatsa mpando.

Madzulo ake ndinawaonetsa pepalalo. Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndi kumene kunandiopsa. Anavula magalasi n'kundiuza kuti ndiliyang'ane disolo. Alamu, layera pakati ngati munthu wadonthezamo mkaka. Anandifunsa kuti analichita zimenezi ndani. Anati iwo sanandinene kwa aliyense, ngakhale kwa inu, ananditchinjiriza ngati mkazi wawo, ndiye inenso ndiwatchinjirize. Anati msewu umenewo auyenda zaka zisanu ndi ziwiri, angathe kuuyenda atatsinzina maso onse. Anamaliza n'kunena kuti tsiku limene ndidzatsegule pakamwa kusukulu, ndidzayambe ndalongedza katundu wanga.

Ndikanayankha chiyani, ine mwini mlandu?

Kuchokera tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Basi ikanyamuka m'mawa, ine ntchito yatha. Ndikamva galimoto yaima mwadzidzidzi kumsewu, ndimathamangira pawindo. Wina akagogoda pachitseko masana, ndimaopa kukatsegula. Ndachepa thupi moti siketi ndikuchita kuimanga ndi pini, ndipo anzanga akumandiseka kuti ndiwauze mankhwala ake.

Kumbali ya basiyo, kumanzere komweko, kwabwera mikwingwirima iwiri yatsopano. Woyamba akuti ndi geti la sukulu, mlonda sanalitsegule mokwanira. Wachiwiri akuti ndi wanjinga woledzera. Chaka chatha chonse basi imeneyi inalibe ngakhale kachipsera.

Ndiye Lachiwiri la sabata yatha, tikudya, Wailesi anayamba nkhani zake. Anati mnzake wina atatsika basi, nsapato inamuvuka n'kugwera pafupi ndi tayala. Mwanayo anawerama kuti aitole, adadi n'kuyamba kuyendetsa. Anati aphunzitsi amene anali pageti anathamanga akumenya basi ndi manja awiri, akukuwa, mpaka adadi anaima. Anati nsapato ija inaphwatalala ngati chikumba, ndipo ana onse anaseka. Mwana wanga ankafotokoza akuseka, mpunga uli m'kamwa. Alongo anu anadzuka n'kutuluka panja, chakudya osachimaliza.

Apa ndi pamene pali tchimo langa lachiwiri, ndipo likundilemera kuposa la poto lija.

M'mawa mwake ndinamutsitsa Wailesi m'basi. Ndinauza anthu kuti mwanayu akumasanza akakwera galimoto, ndiye ndizimuperekeza wapansi. Ndi ulendo wa ola lathunthu, kupita kokha, ndipo iye amalira njira yonse kuti sasanza, amayi akunama. Alongo anu anaona, ndipo anamvetsa. Basi imatipitirira panjira, ana ali pamawindo akutibayibitsa. Ndinawawerenga tsiku lina. Analipo makumi atatu ndi mmodzi. Wanga ndinamuchotsamo, a anzanga ndinawasiya momwemo, n'kumawapatsa moni amayi awo m'mawa uliwonse.

Lero ndi Lachisanu. M'mawa, tikutuluka pageti, anandiitana atelala, mayi wa nyumba yoyandikana nafe uja ali ndi mapasa aakazi. Anali ndi madiresi oti akapereke msanga kwa mwini wake, ndiye anandipempha kuti ndiime ndi mapasawo mpaka basi ifike. Anati iwo sadera nkhawa, chifukwa pachiwongolero pakakhala alongo anuwo, iwo amasoka madiresi awo mtima uli m'malo. Anati madalaivala enawa ndi openga, koma bambo a Wailesi amayendetsa ngati anyamula mazira. Anandithokoza n'kuthamanga.

Basi inafika. Mapasawo ndi aang'ono, sitepe ya basi imawatalikira. Ndinawanyamula ine, mmodzimmodzi, n'kuwaika m'katimo. Wachiwiriyo anandigwira khosi ndi timanja tozizira, tonunkhira mafuta odzola. Alongo anu anali pampando wawo, ine pachitseko, pafupi moti ndikanatha kuwagwira. Anafunsa ana ngati onse akwera. Sanadziwe n'komwe kuti amene waima pachitsekoyo ndi mkazi wawo.

Nditabwerako koperekeza Wailesi sindinalowe m'nyumba. Ndinakhala pamwala wa pageti tsiku lonse, osadya, osamwa, mpaka basi inabwerera masana ndipo mapasa aja anatsika ndi miyendo yawo. Pamenepo ndinalowa kubafa n'kukasanza, kenako n'kunyamuka kukamutenga Wailesi kusukulu. Amati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ine mawu amenewa ndawanena kambirimbiri kwa anthu ena, ndipo lero andiluma.

Alamu, ndatopa ndi mantha. Ndikuopa ngozi, ndikuopa alongo anu, ndikuopa kumene tidzapeze chakudya ntchito ikatha, ndikuopanso inu ndi zimene mudzandiganizire. Koma kuposa zonsezi ndikuopa tsiku limene ndidzayang'anane ndi atelala, iwo atadziwa kuti ine ndinkadziwa.

Sabata yamawa yonse ana ali pa tchuthi cha pakati pa teremu, basi siyenda. Ndi masiku asanu ndi anayi. N'chifukwa chake ndalemba lero lomwe, ndipo kalatayi ndiipereka kwa kondakitala wa basi yobwera kwanuko mawa m'mawa.

Pempho langa ndi ili. Munthu amene alongo anu amamumvera padziko lino ndinu nokha. Munawalera amayi atamwalira, munawalipirira sukulu yoyendetsa galimoto, ndipo ndinu nokha amene mumawatchula kuti iwe, iwo n'kuzyolika. Bwerani. Musaimbe foni, pafoni adzakuuzani kuti zonse zili bwino ndipo mkazi wawo wayamba misala. Bwerani muwavule magalasiwo ndi manja anu. Muwauze apite okha kwa ahedi akanene zoona. Akapita okha, mwina angawapatse ntchito ina ya pasukulu pompo, ngakhale yosamalira galimoto, ndipo adzatuluka mutu uli m'mwamba.

Mukalephera kubwera, kapena akakukanirani, ndikuuziranitu chimene ndidzachite kuti musadzamve kwa anthu. Pepala la adokotala sindinawabwezere, ndinalibisa. Lolemba limene sukulu ikutsegulira, basi isanatuluke pageti, ndidzakhala ndili mu ofesi ya ahedi nalo. Ndidzapita ndithu.

Ndikudziwa mmene zidzamvekere kwa abale. Adzati mkazi ameneyu anamuthira mwamuna wake mankhwala m'maso, kenako n'kukamuchotsetsanso ntchito. Sadzakhala akunama. Sindikukupemphani kuti mudzandiikire kumbuyo, kapena kuti mudzandipepesere akadzandithamangitsa. Chikwama ndatsitsa kale pamwamba pa wadiropu.

Chimene ndikupempha n'chakuti zikadzatero, mudzawatengere inu kwa dokotala wa maso. Masiku akupita ndipo disolo silikudikira. Kuchipatala chachikuluko kuli masitepe ambiri ndi magalimoto odutsa mbali zonse, pafunika munthu woyenda kumanzere kwawo. Dzanja langa sadzalola kuligwira.

Mundiperekere moni kwa abambo akunyumbako, kwa adzukulu onse, ndi kwa azakhali ngati mungawaone, koma nkhaniyi musawauze kaye. Wailesi akuti mumubweretsere maswiti ofewa, poti olimba alibe owatafunira. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondomo, ndipo akufikitseni kuno Lolemba lija lisanakwane.

Ndine mlamu wanu,
Make Wailesi