Eriyo pa Pikapu ya Akamwini

Lolemba, 3 Malichi, 10 koloko m'mawa

Ndakhala pansi kulemba chifukwa m'nyumba muno wondimvera palibe. Sukulu ndinalekeza sitandade 4, wofuna kuseka zilembo zanga aseke.

Miyezi inayi chigwereni amuna anga, aMadala, ndi sitiroko. Dzanja lamanja lakufa, mwendo wakufa, pakamwa popindika. Mawu zii. Munthu woti ankatsutsana ngakhale ndi wowerenga nkhani pa TV. Nyumba yathu tinaisiya, tili kwa mwana wanga wamkazi wachisamba, nyumba ya lendi yam'mwamba, masitepe 22.

Dzulo wachisambayo wanena poyera. Pa 18 abambo ake akupita kunyumba yosamalira okalamba odwala, malo apezeka. Akuti, "Amayi, ababa mulibe mmenemo, latsala ndi thupi." Kunena akutsuka mbale, ngati akuti sopo watha.

Koma chala. Chala chakumanzere chimagogoda pachitsulo cha bedi tsiku lonse. Adokotala akuti ndi minyewa. Ine ndakhala zaka makumi atatu ndikumva tii-taa-tii m'nyumba mwanga Lamulungu lililonse, aMadala ali pawailesi yawo yolankhulirana ndi anthu akutali, tiyi akuzizira patebulo. Minyewa siigogoda n'kupuma, n'kundiyang'ana kudikira yankho.

Lachitatu, 5 Malichi

Kwa wamawailesi, kuseri kwa ogulitsa matayala. Kashopu kodzaza mawaya, poponda posowa. AMadala ankagula zinthu zawo kumeneko. Ndachita kumukoka malaya mpaka kunyumba.

Wakhala pambali pa bedi ndi cholembera, khutu pafupi ndi chitsulo. Akuti inde, ndi Mosi, chilankhulo chawo cha kugogodacho. Koma papepala pake panangotuluka zilembo zisanu zosagwirizana. Akuti dzanja lamanzere likukoka ngati lilime la woledzera, komanso aMadala amadula mawu mwanjira yawoyawo. "Agogo, aliyense ali ndi kagogodedwe kake, ngati kalembedwe. Angawamve ndi munthu wowazolowera."

Wowazolowera ndi mmodzi. "Mnzanga wa Lamulungu," ankatero aMadala. Dzina sindidziwa. Foni sindidziwa. Dziko lino kapena lina, kaya. Chilipo n'kapepala komata pa chiwailesi chawo chakale: Lamulungu, 7 koloko m'mawa, ndi manambala a pamene ankakumana.

Chiwailesicho chili pansi pa bedi, chachikulu ngati sitovu. Chimafuna magetsi apakhoma ndi waya wautali padenga. Mwininyumba amakana ngakhale chingwe choyanikira zovala. Ndiponso wamawailesi akuti m'mdadada muno mafiriji ndi mababu zimasokosa, tingamve ngati mafuta akuwira basi. Pafunika kutuluka m'tauni, kukwera phiri. Pafunika galimoto.

Galimoto ndi pikapu ya akamwini. Mayo ine.

Lachinayi, 6 Malichi

Akamwini amanyamula katundu wa anthu osamuka. Pikapu yoyera, amaipukuta kuposa mmene amapukutira mamina a ana awo. Ndawapeza akuisisita. Pazaka khumi ndi ziwiri sindinawapemphepo ngakhale singano, ndipo pali zina ndinawanenapo paukwati zimene sanaiwale.

Amvetsera nsanza ili m'manja. "Chabwino mayi, koma kuboola ayi. Ngakhale kabowo kamodzi."

Ndathokoza. Lilime ndinachita kuliluma.

Lachisanu, 7 Malichi

Tsiku lonse m'kashopu. Wamawailesi watenga chiwailesi chakale, akuti ndisankhe cholowa m'malo. Mawailesi atatu patebulo.

Yoyamba yokongola, yamagetsi obiriwira. Akuti imafika pamene maso afika, m'tauni ndi m'mbali mwake. Ndati mnzawoyo akanakhala pamene maso afika bwenzi nditamukoka kale malaya ngati iwe.

Yachiwiri kakang'ono ngati sopo. Kamafika kutali, sikadya batire, koma n'kogogoda kokha, maiki palibe. Iye amafuna nditenge kameneko, akuti aMadala salankhula, maiki n'ngachiyani. Ndati iwe, aMadala akagogoda, winayo n'kugogoda, ine ndimva chiyani? Ndikwere phiri lonselo kukamvera agogomole awiri?

Yachitatu yolemera, yokandika pakona, yogogoda ndi yolankhula pomwe. Imamwa batire ngati munthu wochokera kumunda. Chiwailesi chakale sichinakwane mtengo wake, ndawonjezera makina anga osokera. Asamve wachisamba.

Kenako eriyo, ndodo yachitsulo yogwira ndi kutumiza mawu. Ina yaitali kuposa chitseko, yokhala ndi chinthu ngati fulasiki pakati, yofuna mabauti anayi. Ina yaifupi yamaginito, yongoika padenga. Akuti, "Yaifupiyi pa mtunda umenewu ndi mwayi chabe." Koma akamwini anati kuboola ayi. Ndatenga ya mwayiyo.

Lamulungu, 9 Malichi, masana

Sindikufuna kulemba koma ndilemba.

Akamwini anabereka aMadala kumsana masitepe onse. Wachisamba ali pakhomo manja m'chiuno, akuti tikuzunza wodwala. Paphiri tinafika nthawi ilipo. Wamawailesi anaika kachitsulo kogogodera Mosi pathabwa, pamiyendo pa aMadala. Chala chinakapeza chokha.

7 koloko itangokwana, m'kati mwa phokoso, kamawu. Tii-taa-taa. Kochepa ngati udzudzu. AMadala anadzuka pampando ndi theka lathupi limene latsala. Wamawailesi akuti akuitana nambala yawo. Miyezi inayi munthu akuitanabe.

AMadala anayankha. Anagogoda, thukuta pamphumi. Tinadikira. Kamawu kaja kanaitananso chimodzimodzi, ngati palibe wayankha. Anagogodanso. Kanaitananso. Kasanu. Kenako zii.

Wamawailesi anandionetsa kamuvi pawailesi kakuthamangira kofiira. Akuti mphamvu ikubwerera m'mbuyo m'malo motuluka, eriyo sinagwire thupi la galimoto, maginito akhala pa penti. Khutu tili nalo, pakamwa tilibe.

Ndati matenda amenewo tili nawo kale kunyumba.

Tinatsika phiri kubwerera kunyumba. Misozi ya aMadala imatsika mbali imodzi yokha. Akamwini ankangoyang'ana msewu.

Lachiwiri, 11 Malichi

Latsala Lamulungu limodzi.

Dzulo tinagwa m'bafa. Ndimawatsitsa aMadala pampando, msana wanga unangoti the, tonse pansi. Iwo chagada, ine pamwamba pawo, madzi akutayika. Maola awiri pamatailosi ozizira, nyumba yonse ili kuntchito ndi kusukulu. Ndinawauza nthabwala kuti asaope, ndati taonani aMadala, ukalamba uno tikugwetsanabe m'bafa. Sanaseke. Chala chokha pa tailosi, mwachangu, mwachangu, maso ali pa ine. Ndinadzuka chokwawa, n'kuwakoka ndi thaulo. Sindinauze munthu.

Lero wachisamba wagula sutikesi. Akulemba dzina la abambo ake pa mabulangete ndi cholembera chakuda. Ndamuuza kuti ndinamubereka ndi mutu koma mtima unatsalira m'mimba. Walira. Ndi mwana wabwino, amadzuka kuwatembenuza ine ndikalephera, ndikudziwa. Koma sindinabweze mawu.

Mapilitsi a msana atha.

Lachinayi, 13 Malichi

M'mawa phokoso pansi pa zenera. Ndasuzumira. Akamwini agwada m'bodi ya pikapu, chobowolera m'manja, wamawailesi akuloza pakona kuseri kwa kabini. Palibe anawapempha. Mabowo anayi. Kenako atenga sandipepa okha, kupala penti mpaka chitsulo kuwala, chifukwa akuti chitsulo chigwire chitsulo. Nkhope ngati akudzizula dzino.

Ndinatsika ndi tiyi, masitepe ndikutsika chammbali. Ndati akamwini, Mulungu akuoneni. Akuti, "Ndinawabereka ine mayi. Ankandigogoda paphewa njira yonse."

Eriyo yaitali ija, wabwera nayo wamawailesi, yaima. Mawaya awiri onenepa apita ku batire ya galimoto penipeni ndi fyuzi yake, wamawailesi akuti pa kabowo koyatsira fodya ingapse. Chingwe chosalala chamkuwa kuchoka pabodi kupita ku chasisi, chitsulo cha pansi pa galimoto. Ayesa. Kamuvi kanakhala phee kumanzere. Wamawailesi anadula kansonga ka eriyo pang'ono, n'kuyesanso, n'kumwetulira koyamba chimudziwireni.

Potuluka pageti eriyo inamenya chitsulo chapamwamba. Sinathyoke. Tsopano m'tauni amaipinda n'kuimanga ndi chingwe.

Loweruka, 15 Malichi

Sutikesi yatsekedwa, ili pakhomo. AMadala ndawameta ndevu, ndawenga zikhadabo za kumanzere kuti chala chisaterereke. Ndawauza kuti mawa munene zonse aMadala, muwauze anawa kuti simupita kulikonse.

Ngati mnzawoyo watopa n'kuitana? Ngati wadwala? Ngati mvula?

Lamulungu, 16 Malichi, 4 koloko madzulo

Paphiri paja, 7 koloko, mnzawo uja anaitana. AMadala anayankha kamodzi kokha. Kuchokera kunja kuja kugogoda kunabwera ngati matalala pa malata. Anamva.

Anagogodana nthawi yaitali, ine ndikudya milomo. Pomaliza wamawailesi anatenga kogogodera, n'kupempha pang'onopang'ono kuti winayo abwere pa maiki, akazi awo akufuna kumva. Anapotokola kabatani ka wailesi, anapotokola. Mawu anatuluka.

Mawu a mzimayi. Nkhalamba inzanga, yamphuno, yopuma movutikira.

Zaka makumi atatu. "Mnzanga, mnzanga." Ine n'kumaona m'mutu mwanga chidala china chadazi. Sananame, sindinafunse. Ndinawayang'ana aMadala, iwo akuyang'ana kunja ngati phirilo aliona lero. Wamawailesi anagwidwa ndi chifuwa.

Akuti, "Ndinu mayi a kunyumba? Ndimakudziwani. Ndinu amene mumati tiyi wazizira."

Ndinalanda maiki. Ndati musanandiuze kalikonse, ndidziwa bwanji kuti simukupeka? Afunseni, dzino langa lakutsogolo linachoka bwanji. Ana onse amadziwa kuti ndinagwa panjinga. AMadala anagogoda. Mayiyo anaseka mpaka kutsokomola. "Akuti munkatsekula botolo ndi mano kuti muwaonetse alamu anu."

Akamwini anagwira pakamwa. Ine ndinalira ngati mwana. Alimo. Alimo yense, ndi mwano wawo womwe.

Ndati tsopano auzeni anene za pa 18. Akamwini ndi mboni.

Chala chinayenda nthawi yaitali. Chinaima, chinayambanso. Kenako mayi uja anabwera pa maiki.

"Mayi, ndinena mmene anenera, musandide ine. Akuti akufuna kupita. Akuti akhala akukuuzani pabedi miyezi iwiri. Akuti Lolemba m'bafa ankaganiza kuti simudzukanso, ndipo iwo sakanatha ngakhale kukuwa. Akuti sakufuna kukuphani."

Ndati bodza. Ndati inu mukufuna kundilanda... Sindinamalize. Dzanja lamanzere linasiya kogogodera n'kugwira mkono wanga. Anagwedeza mutu kuvomereza. Pamenepo sipanafunike womasulira.

Potsika phiri akamwini akuti, "Ine mayi sindinamve kanthu, ndinali ndi eriyo. Mukanena inu, ndanena. Mukakhala chete, ndili chete." Kunyumba wachisamba anafunsa kuti zayenda bwanji. Ndati mutu ukundipweteka.

Lolemba, 17 Malichi, 2 koloko masana

Ndingathe kumuuza theka. Kuti abambo ako alimo, amva zonse, umboni ulipo. Ndikudziwa mwana wanga, angamasule sutikesi lero lomwe, angagwade kupepesa. Ndikanapambana. AMadala akanakhala pano pambali panga, akugogoda chitsulo, ine ndikunamizira kusamva.

Kuyambira m'mawa ndayesa katatu kunena zonse. Pakamwa pamene panathamangitsa mwininyumba pamasitepe, lero pakukana.

AMadala akundiyang'ana. Chala chili phee, chinanena kale.

Kope ili ndilisiya pampando wa pikapu. Akamwini, ndikudziwa muwerenga, musachite manyazi. Mukamaliza mumupatse mkazi wanu lisanalowe dzuwa, awerenge kuyambira poyamba, ngakhale za makina osokera. Adziwe kuti mawa sakutaya thupi. Akuperekeza abambo ake kumene asankha okha, ndipo awafunse bulangete limene akufuna, amva. Zimene ndinamunena Lachiwiri ndabweza.

Eriyo musachotse. Lamulungu tikawatenga 6 koloko, ine ndikhala kutsogolo. Mayi ujayo ndili naye mafunso.

Mumupatse, chonde. Ine ndikupita kukasita malaya awo.