Processor Yokhoma

Lolemba

Ine 15:42
adadi computer yazimanso. blue screen ndili mkati mwa lesson ya coding

Adadi 15:44
Temp inali bwanji?

Ine 15:45
92. fani ikulira ngati chigayo

Adadi 15:47
Yatopa imeneyo a Injiniya. Tinaithamangitsa kwambiri ndi overclock ija. Pakufunika processor ina

Ine 15:49
ndiye kuti ndi motherboard yomwe eti? poti socket izisiyana. ndi ram, yathuyi ndi yakale singalowe

Adadi 15:50
Zonse zitatu. Wakula iwe kkk. Sankha unditumizire, ndigula

Ine 15:58
amayi akuti mukabwera kudzaika mudzatengenso majekete anu, akudzaza wardrobe. ine ndati awasiye kaye sakuluma munthu

Ine 16:35
adadi?

Lachiwiri

Ine 09:10
ndasankha. processor yolola overclock, board yakenso yolola, ram ziwiri za 8gb

Adadi 09:12
RAM wakhoza, ziwiri zimaposa imodzi ya 16. Koma processor tenga yokhoma. Za masiku ano nzothamanga kale

Ine 09:13
yokhoma sitingaikweze liwiro

Adadi 09:14
Ndiye ubwino wake. Umangolumikiza basi, sifuna munthu woilera

Ine 09:21
yakaleyi tinaikweza sat yonse. inu pa ma settings a bios ine ndikuwerenga temp, ikazima tiyambirenso. mpaka amayi kutikalipira atapeza ma screw mu kapu yawo ya tiyi

Adadi 09:50
kkk. Ndili mu meeting

Lachinayi

Ine 13:02
🎤 voice note 0:48
Uthengawu wafufutidwa

Adadi 13:30
Wafufuta chani?

Ine 13:31
palibe ndinadina molakwitsa

Ine 13:33
funso. voltage ya ram ndidzaike pa zingati

Adadi 13:33
Usaikhudze, isiye pa auto. Koma zimenezi umazidziwa kale iwe

Ine 13:40
eya ndimadziwa

Ine 13:44
kungoti ndikafunsa za computer mumayankha pompo. za results zanga zija munayankha mawa lake

Ine 13:45
sorry. sikuti ndikudandaula

Ine 13:58
achemwali akuti ndisiye kukuvutitsani, muli ndi nyumba ina tsopano ndizolowere. ine ndinati adadi sangalole ndiike processor ndekha, timapini tija sitichedwa kupindika. anangondiyang'ana nkupitiriza kusita

Ine 14:20
mubwera sat? mu case ya computer ndapukutamo kale fumbi. amayi akuti adzachokapo tsiku lonse, simudzakumana

Lachisanu

Ine 11:05
screwdriver yanu yaing'ono ndaipeza. inali kuseri kwa desk

Ine 16:48
ngati yolola overclock yadula basi yokhomayo ilinso bho. bola tidzaike

Loweruka

Adadi 10:12
Uli pakhomo? Driver wa kuntchito ali pa geti ndi katoni

Ine 10:13
inuyo?

Adadi 10:15
Lero sizitheka mwanawe. Koma usaope za mapini, processor ndaika kale pa board, paste yoziziritsa ndi RAM zomwe. Ndaitesta kuno dzulo, mwana wa anti ako amene ndikukhala nawo kunowa amandigwirira tochi. Kali ndi mutu kameneka kkk

Ine 10:24
ndalandira

Ine 10:26
ndi yokhoma

Adadi 10:27
Udzandithokoza. Kwatsala ma screw ndi ma cable basi. Ikavuta ndiye ndibwera ndidzaione

Ine 10:27
zoona?

Adadi 10:29
Ikavuta

Ine 11:50
achemwali andigwirira case, akuti ndifulumire ali ndi zochita. afunsa ngati mwalembako chilichonse mkatonimo. ndati munali receipt

Ine 12:05
yayaka. kamodzi nkamodzi

Ine 12:41
temp 38. fani sikumveka nkomwe, ndachita kuika dzanja kuti ndidziwe ngati ikuzungulira

Ine 14:15
ndatsegula game, video, coding, zonse nthawi imodzi. ndatseka mawindo a kuchipinda kuti kutenthe. sikuzima

Adadi 14:16
👍

Ine 14:33
ilibe vuto lililonse adadi